Triza wa Zikhadabo pa Nsaru

Amene anafika pa Nsaru posachedwapa sangamudziwe Triza Kamphinda. M'chipinda chimene ankagwiriramo ntchito, kuseri kwa chigayo, lero muli munthu wogulitsa feteleza woyeza pambale. Ine ndinamudziwa chifukwa ndinkaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale chapafupi, ndipo ndinali mmodzi wa amayi amene ankapita kwa iye kukakonzetsa zikhadabo.

Kwawo kunali ku Kabudula. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo ake atamwalira, ndipo azakhali ake anamutengera ku Lilongwe komwe anamupezera ntchito yosesa ndi kutsuka mitu mu saluni ina ku Kawale. Kumeneko ndiko anaonera jelo koyamba. Ife kuno tinkangodziwa kyutekisi, uja ukapaka Loweruka pofika Lachiwiri wayamba kale kukanganuka. Jelo ndi wina. Ukapaka umalowetsa zala m'kanyali kake ka magetsi, ndipo amauma gwa, n'kumanyezimira ngati galasi. Triza anaphunzira pongoyang'anitsitsa, mpaka mwini saluni anayamba kumusiyira makasitomala.

Levison anakumana naye pa basi. Anali mlimi wa fodya wa pa Nsaru, woimba kwaya, munthu wofatsa wosadziwa kukweza mawu. Anachita chinkhoswe, iye n'kumutenga Triza chitengwa. Ukwati wawo anakadalitsa kutchalitchi pambuyo pake mwana wawo Joel atabadwa kale, popanda velo kapena madyerero. Chaka chotsatira Triza anatsegula saluni yake.

Sanachedwe kuona kuti zimene anaphunzira ku Kawale sizinkakwanira.

"Manja a m'tauni ndi manja a kuno ndi osiyana, aphunzitsi," anandiuza tsiku lina akundipala chikhadabo. "Mayi wa ku ofesi amagwira foni ndi cholembera basi. Inuyo mukasiya choko mukuchapa, mukasiya kuchapa mukutong'ola chimanga. Jelo wolimba kwa iye kwa inu angathe Lamlungu lisanafike."

Choncho akapita ku tauni ankabwerako ndi mitundu yosiyanasiyana, ndipo asanapake munthu aliyense ankayamba wayesa pa zala zake. Dzanja lamanja ankapaka wina, lamanzere wina, kenako n'kumagwira ntchito zonse za pakhomo, kuchapa matewera, kusenda mtedza, kusoka fodya m'chigafa, uku akuona amene ayambe kugonja. Tikafika ankatitambasulira manja patebulo ngati akutionetsa mbewu za m'munda.

Jelo amene anamukhulupirira anali wa mabotolo atatu: woyamba wogwira pachikhadabo, wachiwiri wa mtundu, wachitatu wotseka pamwamba. Aliyense ankafuna kuumitsidwa payekha, moti munthu unkakhala pampando mpaka msana kuwawa. Koma ankatha mwezi asanasunthe, ndipo pochotsa ankangonyowetsa thonje ndi mankhwala ake, jelo n'kufewa yekha. Wa botolo limodzi, amene atsikana ankamukonda chifukwa chofulumira, Triza sankamufuna. Ankati akakumana ndi madzi ochapira amayamba kutukuka m'mbali, mwini wake n'kumamatula ndi mano, osadziwa kuti akumatula ndi chikhadabo chomwe. Ndinaonapo mtsikana wina amene zikhadabo zake zinapyapyala ngati khungu la anyezi chifukwa cha zimenezo.

Panalinso wina wa m'kachitini, wolimba kwambiri, wotalikitsira zikhadabo. Ameneyo sasungunuka, amachoka pochita kupala. Triza anamupakapo mayi wina wa ku Nambuma, ndipo mayiyo anakola chikhadabo m'chingwe cha ndowa pachitsime, chikhadabocho n'kuzuka mpaka mnofu. Kuyambira pamenepo, wofuna jelo ameneyo ankayamba wafunsidwa kuti, "Kodi mumalima? Madzi mumatunga nokha?" Ukavomera, ankakukaniza ngakhale udandaule bwanji.

Chinanso chimene ankakaniza anthu chinali kupaka jelo magetsi atazima. Anali nako kanyali kena kakang'ono kotchaja pa sola, koma atakayesa anapeza kuti kamangoumitsa pamwamba, mkati jelo ali wamuwisi. Magetsi akathima ankati tibwere mawa, kapena atipake kyutekisi. Ena ankatuluka akung'ung'udza kuti mkazi wa Levison ndi wonyada.

Zala zake zinayamba kumuyabwa m'mbali mwa zikhadabo chaka chachitatu. Iye ankati mwina ndi sopo.

Apongozi ake, a Nambewe, sankaifuna ntchitoyi kuyambira pachiyambi. Anali mayi wolemekezeka pampingo, ndipo anayankhulapo pagulu la amayi anzawo kuti zikhadabo zofiira ndi za akazi oyendayenda m'mabala. Sanatchule dzina, koma aliyense anatembenukira kumene kunakhala Triza. Sopo ndi shuga wochokera mu saluniyo ankalandira ndithu, osafunsa kuti wachokera kuti.

Zinthu zinatembenuka pa ukwati wa Lilian, mlongo wake wamng'ono wa Levison. Ankakwatiwa ndi Januario, mnyamata woyendetsa minibasi wa ku Namitete, ndipo unali ukwati woyera, wa velo ndi operekeza. Lachisanu m'mawa, ukwati uli mawa lake, a Nambewe analowa mu saluni koyamba pa moyo wawo, atatsogoza Lilian ndi atsikana operekeza. M'manja ananyamula jumbo ya timabotolo topanda dzina. Januario anatigula kwa venda wina m'tauni chifukwa mtundu wake unkafanana ndi madiresi a operekeza.

Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake. Triza anatsegula kabotolo kamodzi, nanunkhiza, maso n'kulengeza misozi.

"Amayi, jelo ameneyu sindikumudziwa, fungo lake lokha likuwawa m'maso. Komanso magetsi kulibe, ndipo kanyali ka sola sikaumitsa mpaka mkati. Ndiwapake kyutekisi wabwino, mawa aoneka bwino ndithu."

"Anthu achilendo mumawapaka zapamwamba, mlamu wanu ndiye kyutekisi?" anatero a Nambewe. "Kodi kapena zikukuwawani kuti mwanayu akuvala velo pomwe inu simunavale?"

Atsikana aja anayang'ana pansi. Levison anali ataima pakhomo, atabweretsa mipando yoti alendowo akhalire.

"Tangochitani zimene akunena amayizo, amake Joel," anatero motsitsa mawu. "Tisachititsane manyazi."

Triza anatulutsa kanyali ka sola. Jelo uja anali wamadzimadzi, ankayenderera n'kufika pakhungu, ndipo iye ankapukuta ndi chala chake chachikulu, mtsikana uyu akachoka kubwera wina, mpaka dzuwa kupendeka. Mkwatibwi anamupaka mochindikala kuposa onse, chifukwa a Nambewe ankati mtunduwo sukuoneka bwino.

Ukwati unayenda bwino. Ndinaliko, ndipo manja a Lilian ankanyezimira pogwira maluwa. Koma sabata isanathe zala zake zinatupa, zinatuluka matuza, mphete n'kukanirira mpaka anachita kuidula kuchipatala. Zikhadabo zina zinatukuka n'kusiyana ndi mnofu. Kwa Triza kunali koposa. Zala zonse zinachita matuza, kenako zinang'ambika, khungu n'kumasupuka, ngakhale zikope zinatupa chifukwa ankazikhudza. Sankatha kumanga chitenje kapena kumusambitsa Joel.

Dokotala amene anamuona anamufunsa ntchito yake, ndipo atamva anapukusa mutu. Anamuuza kuti m'jelo wosauma muli mankhwala amene khungu likakumana nawo kawirikawiri limafika powakana, ndipo likawakana silidzawalolanso. Kuyabwa kuja kunali chenjezo, tsiku la Lachisanu lija linangomalizitsa.

"Ngakhale wabwino uja wa mabotolo atatu?" anafunsa Triza.

"Ngakhale ameneyo, mayi. Mukangomukhudza zidzayambiranso."

Anabwerera kunyumba akuganiza kuti mawu a dokotala amuyeretsa pa nkhani ya zala za Lilian. Anapeza abale atasonkhana pakhonde la a Nambewe, Lilian ali pakati atakulunga manja m'nsalu, Januario ali pambali pake. Triza anafotokoza zonse monga anamvera. A Nambewe anamudikira amalize.

"Operekeza onse aja anapakidwa zomwezo. Nanga bwanji watupa ndi mkwatibwi yekha?"

"Matupi amasiyana, amayi. Komanso iyeyu ndinamupaka wambiri, munandiuza ndinu. Taonani inenso manja angawa."

"Ndiye zimenezo," anatero a Nambewe, akutembenukira kwa anthu. "Zimene anaikamo zamubwerera mwini wake."

Triza anapempha kuti timabotolo tija atitengere kuchipatala akatione. Januario anati anatitaya kale m'chimbudzi. Za venda uja sananene kanthu, ndipo palibe anamufunsa. Apo Triza anayang'ana mwamuna wake.

"Bambo a Joel, inu munalipo tsiku lija. Auzeni anthuwa, ndinati chiyani ine?"

Levison ankatokosa pansi ndi kamtengo. "Sindinamve bwinobwino," anatero. "Kunali phokoso la chigayo."

Lachisanu lija magetsi kunalibe, chigayo sichinalire n'kamodzi komwe. Onse amene anakhala pakhondepo ankadziwa zimenezo.

Nkhani inayenda pamsika ponse kuti mkazi wa Levison anamuchita chipongwe mlamu wake chifukwa cha nsanje. Amayi amene anawapulumutsa zikhadabo, aja ankawakaniza jelo wosayenera, ndi omwe ankafotokoza nkhaniyi mokometsa. Wina anakumbukira kuti anabwezedwapo magetsi atazima, nati zinali zoonekeratu kuti munthuyo mtima wake si wabwino. Ochepa tinkapitabe kukamuona. Mabala atayamba kuuma anayesa kugwira ntchito atavala magolovesi, koma pofika madzulo zala zinali zitayambanso kutentha. Anayesa kuluka tsitsi, ulusi wa meshi n'kumalowa m'ming'alu ya zala mpaka magazi. Mtsikana wina ataona magazi pa tsitsi lake anadzuka mutu uli theka, osabweranso.

Nyali yake yaikulu ya magetsi youmitsira jelo Levison anaigulitsa osamufunsa, ati kuti nkhani ithe. Anaigula mayi wina amene anatsegula saluni pafupi ndi siteji ya minibasi. Iyeyo sankafunsa munthu ngati amalima, sankabweza munthu magetsi akazima, ndipo ankapaka wa botolo limodzi yekhayekha. Loweruka anthu ankachita kukhala pamzere panja. Triza ankadutsa pomwepo popita kukagula ndiwo, manja atawabisa m'chitenje.

Pakhomo a Nambewe analetsa adzukulu awo ena kudya chakudya chimene Triza waphika. Levison ankangoti zipita zokha, tipirire. Ankhoswe anakhalapo, koma nkhani inkangozungulira pa mawu amodzi, akuti Triza apepese kwa Lilian. Iye anati sangapepese chinthu chimene anakana kuchita pamaso pa anthu. Fodya wa chaka chimenecho asanapite ku okushoni, anatenga Joel ndi zovala zake n'kubwerera ku Kabudula.

Ndinakumana naye chaka chatha pa tsiku la msika kumeneko. Amagulitsa mabeseni ndi makapu apulasitiki pabenchi. Anayamba ndi zitumbuwa, koma anthu akaona zala zake ankapitirira kukagula kwa wina. Manja anapola, kungoti nyengo yozizira amang'ambikabe, ndipo zikhadabo zinamera zokhotakhota. Anandipatsa mpando, tinacheza za Joel amene tsopano ali Sitandade 5. Kenako anandiuza kuti Levison anabwera.

A Nambewe anali atagwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Ankafunika wowatembenuza, wowasambitsa ndi wowadyetsa. Lilian anati Januario sakumulola kuchoka ku Namitete. Ndiye Levison anapalasa njinga mpaka ku Kabudula, nakhala pa benchi yomweyo, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti zakale zinatha, banja ndi banja, abwerere.

"Ndinawafunsa chinthu chimodzi chokha," anatero Triza. "Ndinati, bambo a Joel, tsiku lija mu saluni ndinanena chiyani? Aphunzitsi, anandibwerezera zonse. Za fungo, za kanyali ka sola, za kyutekisi, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Ndiye ndinati, kanenenitu zimenezo pakhonde paja, anthu onse aja alipo. Iwo akuti amayi akudwala, si nthawi yake."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, nadzuka kukathandiza mayi wina amene ankafunsa mtengo wa beseni.

Sanabwerere. A Nambewe anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Triza anatumiza Joel ku maliro pamodzi ndi amalume ake, atamuchapira malaya oyera ndi kumuuza kuti akapereke moni kwa aliyense mwaulemu. Iye anayala mabeseni ake pabenchi monga masiku onse.