Lupanga Lamanzere la Nong Basyo

Achimwene anga a Gervacio, amene kuno ku Janiuay aliyense amangowatchula mwaulemu kuti Nong Basyo, ntchito yawo ndi yokonza malupanga akale. Sasula atsopano ayi, osula ali ku Badiangan. Iwo amalandira zitsulo zimene zagona zaka kudenga kapena kuseri kwa nkhokwe ya mpunga, zodyeka ndi dzimbiri, chigumbu chitang'aluka, n'kuzibwezeretsa mwakale. Ine ndine Sion, mlongo wawo wamng'ono, ndimaluka ratani, luzi lakuno lomangira chimake. Takhala pa benchi limodzi kuyambira ndili mtsikana, koma mawu amene andiyankhula zaka zonsezi sangadzaze kapu.

Anthu osonkhanitsa malupanga amachokera ku Iloilo, ena mpaka ku Manila, atakulunga katundu wawo m'matawulo ngati makanda. Funso lawo n'limodzi: "Nong, ili n'la liti?" Achimwene amalitembenuza, kuyang'ana nkhope yosemedwa pachigumbu, kuikanda ndi chikhadabo kuti amve ngati ndi nyanga ya njati kapena mtengo, kenaka amanena. La nthawi ya Asipanya. La nkhondo ya Ajapani. Kapena, "Iyi ndi sipuling'i ya jipi, Toto, anasula iwe utamera kale mano." Toto ndi mmene kuno timaitanira mnyamata aliyense. Dzimbiri lofiira amachotsa ndi mafuta a kokonati ndi kansungwi, pang'onopang'ono moti woonerera amawodzera. Dzimbiri lakuda salikhudza, amati zaka za lupanga zimakhala mmenemo.

Kwathu kunali lupanga limodzi losagulitsa, la mtundu wa tenegre, la agogo athu aamuna. Agogowo anali amanzere. Malupanga a kuno amanoledwa mbali imodzi yokha, inayo imasiyidwa yosalala, ndiye la munthu wamanzere wosula amalinola mosemphana ndi ena onse. Otere ndi osowa. Linakhala lopachikidwa pamzati, wolinyamula palibe, mpaka kunabadwa Ronilo, Nilo wathu, mwana yekhayo wa achimwene, amene anayamba kutapa mpunga ndi dzanja lamanzere. Mayi ake anamumenya padzanjapo mpaka kutopa. Bambo ake anangoti, "Musiye, lapeza mwini wake."

Chaka cha chigumula chachikulu chija Nilo anali atamaliza sukulu ya zapanyanja, akudikira kuitanidwa kusitima. Mtsinje wa Suage unasefukira kutacha ndithu. Tinathawa kulowera kumtunda wa kutchalitchi madzi ali m'chiuno. Tili pakati panjira achimwene anatembenuka n'kunena, osakuwa n'komwe, "Toto, lupanga la agogo ako." Ndinali pambali pawo, ndinamva ndi makutu angawa. Nilo anabwerera. Tinamuona akutuluka pakhomo lupangalo lili m'manja, kenaka nyumba inatembenuka ngati dengu, ndipo sitinamuonenso. Tinafufuza m'mphepete monse mpaka ku Pototan, mtembo osapezeka. Alamu anga a Conching, mayi a Nilo, anapirira chaka chimodzi, n'kupita kwa abale awo ku Capiz. Sanabwerenso.

Achimwene sindinawaone akulira. Anangouza okumba mchenga, asodzi ndi alimi onse a m'mbali mwa mtsinje kuti chitsulo chilichonse chotuluka m'matope azibwera nacho. Ankati Nilo sakanalitaya lupangalo, pamene lagona ndi pamene wagona iye, ndipo akapeza mafupa ake akawaika pafupi ndi agogo ake. China chimene ankafuna padziko panalibe. Anthu anabweradi nazo, zikwanje zothyoka, makasu, mpaka mwendo wa bedi. Aliyense ankapatsidwa khofi. Achimwene ankapukuta matope ndi chala chachikulu, kuyang'ana mbali yonoledwa, n'kuti, "Lamanja ili," n'kuponya m'dengu la pansi pa benchi.

Zaka zinapita choncho. Ankadya ndikawapatsa, ankagona ndikawakumbutsa. Ntchito ya anthu ankagwira bwinobwino, palibe anadandaulapo, koma kuwayang'ana m'maso kunali ngati kusuzumira m'nyumba yosamukamo.

"Nong, mukusanduka chitsa inu," ndinkatero.

"Ee, Day," ankatero, ndimo mmene amandiitanira.

Basi, nkhani yathera pomwepo. Ineyo mtima unkandiwawa, komanso ankandinyansa, ndisabise.

Tsiku lina masana kunabwera mmisiri wina wa ku chilumba cha Luzon, dzina lake Efren, mmodzi mwa amene ankamanga bwalo la basiketibolo m'mudzi wa kumunsi. Munthu wosekaseka, wamtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo ndimautukwanabe mpaka lero. Anamasula pepala la simenti n'kutulutsa chitsulo chowala ngati supuni yatsopano.

"Nong, ndamva kuti mumafuna za mumtsinje," anatero. "Ili tinalipeza posefa mchenga. Linali lonyansa zedi, ndiye ndati akuluakulu sitiwapatsa zonyansa. Ndalidutsitsa pamakina."

Achimwene analilandira ndi manja awiri. Utali wake unali womwewo. Mimba yake yotambasuka cha kunsonga inali yomweyo. Chigumbu chinali chitaola kalekale. Analitembenuza uku, n'kulitembenuzanso uko. Efren anali atalinola mbali zonse ziwiri mofanana, mmene amanolera kwawo, ndipo makinawo anali atadya chilichonse, dzimbiri lakuda, kazindikiro ka wosula, ndi mbali yosalala ija.

"Iwe, anakutuma ndani?" ndinatero. "Mutu wakowu ntchito yake n'kunyamula chipewa basi?"

Kuseka kunamuthera. Anayang'ana ine, n'kuyang'ana achimwene.

"Musiye, Day," anatero achimwene. Kenaka anamufunsa mofatsa, "Usanaliike pamakina, linali lonoledwa mbali iti?"

"Mbali? Aa, Nong, linali dzimbiri lokhalokha, ndani akanaona."

"Mchengawo unachokera pati?"

"Malole amabwera ambiri, ena a ku Suage, ena a ku mtsinje wa Jalaur. Timangothira mulu umodzi."

"Pasefapo panatsalanso chiyani?"

Efren anakanda m'mutu. "Zimatsala zambiri. Miyala, zikuni, mafupa, kaya a njati kaya a galu. Zonsezo timathira pansi pa bwalo n'kutsendera, pamwamba simenti. Tinathira kale, yauma."

Achimwene anagwedeza mutu, n'kundiuza kuti ndimutsirire mlendo khofi. Ndinamutsirira wopanda shuga. Mwana wa anthu anamwa mwakachetechete, n'kutsanzika asakudziwa chimene walakwa.

Masiku otsatira analisunga pa benchi. Ankaliyang'ana padzuwa, kuliimika pachala kuti amve kulemera kwake, kulipaka madzi a kalamansi, timandimu takuno, kuti mizere ya m'chitsulo ituluke. Mizereyo inatulukadi, n'kuonetsa kuti ndi lakale, la nthawi ya agogo. Koma malupanga a nthawi ya agogo amene agona m'mitsinje iwiriyi ndi angati? Kunadutsa nkhondo muno, kunadutsa zigumula, aliyense anataya lake.

Ine ndinatopa nako kukhala chete.

"Nong, pitani kwa kapitani, mfumu ya mudzi uja, mukanene kuti ndi lomwelo. Pachilumba chino ndani angakutsutseni pa nkhani ya lupanga? Aswe simentiyo, tikumbe."

"Sindikudziwa ngati ndi lomwelo."

"Namani kamodzi, Mulungu sakukanthani."

Anapitiriza kupukuta chitsulo chija ndi kansanza. Ndinayesa kuti sandiyankha monga mwa masiku onse, ndinali nditayamba kale kusonkhanitsa ratani wanga.

"Akaswa n'kupeza galu, Day?" anatero. "Ndiye kuti ndibwererenso kumtsinje. Mphamvu zake ndilibenso."

Ndinakhala pansi. Aka kanali koyamba kuwamva akunena kuti atopa.

Lupangalo sanalisemere chigumbu, ndipo ine sanandiuze kuti ndiluke chimake. Analikulunga m'malaya akale n'kuliika m'kabati. Kwa okumba mchenga anatumiza mawu kuti asiye kubweretsa zitsulo. Wina akaiwala n'kubwera nacho, amamupatsabe khofi, koma samasula n'komwe. Malupanga a anthu a ku Iloilo akukonzabe, dzanja lawo silinjenjemera.

Bwalo lija analitsegulira pa chikondwerero cha woyera wa mudziwo, ndi malipenga, ndi nkhumba yootcha. Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, achimwene amakwera njinga yamoto kupita kumunsi, kukakhala pamwala m'mbali mwa bwalolo. Sachemerera timu iliyonse. Anthu akumeneko anazolowera, amati ndi lolo, gogo wokonda mpira.

Lamlungu lapitali ndinapita nawo. Dzuwa linali loswa mtengo, anyamata akudumphadumpha, nsapato zikulira pasimenti. Mpira unawapulumuka n'kugubuduka pang'onopang'ono kulowera kumene tinakhala, n'kuima m'kati mwa bwalo, pafupi nafe.

"Lolo, tiponyereni!" anatero mmodzi.

Achimwene anaimirira, anayenda mpaka pamphepete pa simenti, n'kuima pomwepo. Anatambasula dzanja, mpira unali patali pang'ono. Sanapondepo. Mnyamatayo anadikira, kenaka anaseka n'kuthamanga kudzautola yekha.