Mtengo wa Mchombo wa Yadira

Don Leoncio Mairena anayendetsa basi pakati pa Diriomo ndi Granada mpaka maso awo atayamba kuchita chifunga. Sanali kalipentala, ndipo sanadzitchepo dzina limenelo. Za matabwa anaziyamba atapuma ntchito, chaka chimene mkazi wawo, Doña Hermelinda, anamwalira. Manja ozolowera chiwongolero anakana kungokhala pamaondo.

Anachotsa nkhuku m'chisakasa cha kuseri kwa nyumba, nakhomamo tebulo lolimba. Zida ankatola chimodzichimodzi kumsika wa ku Masaya: sowo, nyundo, matchizulo, ndi puleni yopalira matabwa, yakale, ya chogwirira chong'aluka, imene anaikonda kuposa zonse. Mipando yawo yoyamba inkatsimphina ngati galu wogundidwa ndi njinga. Koma anali munthu wamakani. Patapita zaka, mpando wogwedezeka wa Don Leoncio unkasiririka pakhomo paliponse, ngakhale sanagulitsepo ndi umodzi womwe. Ankangopereka kwa amene wawakomera mtima, ndipo oterowo sanali ambiri.

Mwana anali naye mmodzi, Yadira, amene ankaphika buledi ku San José, ku Costa Rica. Ankabwera mu Disembala, n'kubwerera chaka chikangolowa. Ulendo wina, akutsanzika, ananena kuti watopa ndi kukhala mlendo. Anati akadzabweranso adzaona ngati angakhaliretu, n'kumanga uvuni wake pakhomo pomwepo.

Pakamwa pa Don Leoncio sipanazolowere mawu ofewa. Koma basi itangonyamuka anapita kukayeza khoma la chipinda cha mwanayo. Anaganiza kuti munthu wokhala ndi kabati yakeyake ya zovala sakhalanso mlendo, ndipo anadziwa kale kumene matabwa adzachokere.

Kuseri kwa chisakasa kunali mtengo waukulu wa cedro, wa matabwa ofiira onunkhira. Yadira atabadwa, mayi ake anakwirira mchombo wake pamenepo n'kudzalapo kamtengo, monga amachitira amayi a kuno. Mtengowo unakula woongoka ngati mzati wa tchalitchi. Don Leoncio anauyang'ana ndi maso a munthu wa puleni. Mtengo ndi wa Yadira, anatero mumtima, tsono kabati ya Yadira ichokere kuti?

Anadikira chilimwe, nadikiranso kuti mwezi upite kumdima, pakuti mtengo wodulidwa mwezi ukukula umafumbwa. Kenaka anaitana Don Tiburcio, kompadre wawo, amene ananyamula Yadira pa ubatizo, kuti adzagwire mbali ina ya sowo yaikulu.

"Kompadre, mwini wake mwamufunsa?" anatero Don Tiburcio.

"Mphatso amafunsa? Gwirani uko, nkhalamba inu. Mukukoka sowo ngati mukupesa tsitsi, pomwe tsitsilo mulibe."

"Ine ndikoka. Koma Hermelinda akandidzera kutulo, ndimulozera kwanu."

Anaseka onse awiri, ndipo mtengo unagwa madzulo asanafike.

Pa ntchito yeniyeniyo palibe chimene analakwitsa, chimenecho tivomereze. Matabwa anawaumitsa pamthunzi, ataika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Anawapala mpaka dzanja linkaterereka. Msomali sanakhomepo, makona onse anawalumikiza ndi mano olowana, osemedwa ndi tchizulo. Utuchi wofiira unadzaza chisakasa, ndipo fungo lake linkawatsata ngakhale ku Misa. Yadira akaimba foni n'kufunsa za kunyumba, iwo ankangoti zonse zili m'malo mwake.

Mwezi wa Disembala utafika, anachingamira Yadira pamsewu atavala malaya oyera. Atafika pakhomo anatsogola kukatsegula chipinda, koma atacheuka anapeza ali okha. Yadira anali atasiya chikwama pakhonde n'kuzungulira kuseri. Ndi mmene ankachitira chaka chilichonse asanalowe m'nyumba, koma bambo ake, amene ankaona thabwa lopindika ali patali, anali asanazindikirepo zimenezo.

Anam'peza ataima pachitsa. Dzuwa linkawomba pamalo ponse pamene kale panali mthunzi.

Don Leoncio analankhula zambiri tsiku limenelo, kuposa chaka chathunthu. Anafotokoza za mwezi, za kuumitsa, za mano a m'makona. Anam'koka dzanja kukam'onetsa kabatiyo. Yadira anaisisita, natsegula zitseko, nanena kuti ndi yokongola, ndipo sananame. Sanakalipe, sanalire pamaso pawo. Anaphika mpunga wa nyemba monga mwa masiku onse, nakaimba nawo nyimbo za Maria m'makomo a anzawo, monga mwa mwambo wa kuno mu Disembala. Koma zovala zake zinakhala m'chikwama mwezi wonse, ndipo za uvuni sanazitchulenso.

Pomuperekeza, akudikira basi, Don Leoncio anafunsa ngati kabatiyo yam'khumudwitsa.

"Ayi, ababa. Kungoti ndikamalota kunyumba, sindinkalota chipinda. Amayi anandiuza kuti kulikonse kumene ndingapite, pamtengo paja padzandikoka. Ndinkabwera kudzalankhula nawo pamenepo."

"Unali wako. N'chifukwa chake ndinaudula."

"Ndikudziwa."

"Ndidzale wina?"

"Dzalani, ababa. Koma pansi pake muikapo chiyani?"

Basi inafika. Woyendetsa anali mmodzi wa amene Don Leoncio anawaphunzitsa ntchito, ndipo anawaimbira hutala mwaulemu. Iwo sanakweze dzanja.

Yadira sanadane ndi bambo ake, ndipo amene amanena zimenezo m'tauni muno ndi abodza. Ankaimbabe foni, ankatumizabe mankhwala a maso. Kungoti Disembala wina anati ntchito yachuluka, winanso anabwera masiku ochepa. Pambuyo pake anakwatiwa komweko ndi munthu wokonza magetsi. Bambo ake atafuna kutumiza kabatiyo pa lole, anayankha kuti nyumba yawo ndi yaing'ono, kabatiyo singalowe pakhomo.

Don Leoncio akadalipo. Amalowabe m'chisakasa m'mawa uliwonse, ngakhale tsopano amapala ndi kukhudza kuposa kuona. Don Tiburcio amabwera kudzamwa khofi, ndipo ngakhale ali munthu wa pakamwa, za tsiku la sowo lija sanazitchulepo.

Chaka chatha Yadira anabereka mwana wamkazi. Anaimba foni ali wokondwa, nanena kuti mchombo wa khandalo wagwa, ndipo aukwirira kuseri kwa nyumba yawo ku San José, n'kudzalapo mtengo.

"Mtengo wanji?" anafunsa Don Leoncio.

"Wa mandimu, ababa."

Anatsegula pakamwa kuti anene kuti mandimu satulutsa thabwa, koma anadzigwira. Ndipo anangoti aziuthirira madzulo, dzuwa likapepa.