Njerwa za Pachulu cha Bambo Anga

Mvula itagwetsa ngodya ya nyumba yathu kuno kwa Malemia, ndinauza mmisiri kuti ndikufuna njerwa zofiira ndendende ngati zakalezo. Nyumbayi anamanga ndi malemu bambo anga, ndipo kalata yawo ndikadali nayo, mu envulopu yachitatu ya m'sutikesi. Analemba okha kuti dothi linachokera pachulu cha kuseri kwa khola, ndipo njerwa zinapsa bwino. Chulucho chinatha kalekale.

Mmisiriyo anabweretsa njerwa za kudambo, zotuwa ngati phulusa. Atamanga, khoma linaoneka ngati kabudula wachigamba.

"Madala, tingopaka pulasitala basi," anatero.

Ndinakana. Pulasitala pa njerwa za bambo anga? Ndinapita ku Songani kukagula okusayidi wofiira, uja amathira pansi m'nyumba. Tinkasungunula ndi simenti pang'ono n'kumapaka panjerwa zatsopanozo, ine ndikulemba muyeso uliwonse: masipuni awiri, atatu, atatu ndi theka. Njerwa ina inatuluka ngati nyama yaiwisi, ina ngati chiwindi. Mmisiri anayamba kumangoti "zafanana" asanayang'ane n'komwe.

Tsiku lachinayi akazi anga, amene ankangotiyang'ana akusenda chinangwa pakhonde, anadzuka n'kulowera kumtunda kwa munda ndi beseni. Anabwera ndi katondo, anasungunula m'madzi, n'kupaka njerwa zisanu ndi chisanza. Zitauma, sindinathenso kuloza pamene zakale zinathera.

"Mwadziwa bwanji, mayi?"

"Ndi mmene ndimachitira chaka chilichonse, mukapita kumsonkhano wa mpingo ku Malosa."

"Khoma lonseli?"

"Lonse. Njerwa za apongozi anga n'zotuwa ngati zomwezi. Palani muone."

Ndinapala njerwa zakalezo ndi mpeni. Zotuwa. Ndinathamangira kusutikesi n'kuwawerengera kalata ija mokweza, kawiri.

"Alemba kuti zinapsa bwino," anatero akazi anga. "Nanga zofiirazo alemba pati, abambo?"

Ndinayang'ana kutsogolo ndi kuseri kwa pepala. Panalibe. Mmisiri anakhosomola nthawi yaitali atatembenukira kunthochi.

Chimene chimandipwetekabe n'chakuti zaka zonsezi palibe anandiuza, pamene ine alendo ndinkawazungulitsa nyumba kuwaonetsa kufiira kwa dothi la pachulu. Akazi anga akuti sindinafunse. Ndinawapempha muyeso wa katondoyo kuti ndilembe, anati amangoona ndi maso. Masana omwewo ndinawagwirira beseni iwo akupaka ngodya yonse, uku akundiuza kuti ndisunthe, ndikuwatchinga kuwala.