Kalata ya a Mbewe Yochokera ku Migodi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kuwerenga zolemba zoipa. Nditamaliza Sitandade 6 kusukulu ya mishoni ndinabwerera kwathu ku Zemba, ndinakwatira, n'kuyamba kulima mtedza ngati wina aliyense. Amuna ambiri a m'mudzi mwathu anali ku migodi, choncho akazi awo ankabwera kwa ine kuti ndiwawerengere makalata. Ena mwa makalatawo ankakhala ngati nkhuku yapalasa papepala, koma ndinazolowera. Chapakati pa zaka za m'ma 1950, mkulu wa mpingo wathu anandiuza kuti a Sakala, amene ankayendetsa positi pa boma la Chadiza, maso ayamba kuwavuta ndipo akufuna munthu woti adzawalowe m'malo. Ndinayenda pansi kukawaona. Sanafunse za satifiketi. Anandiikira mulu wa makalata patebulo kuti ndinene kumene iliyonse ikupita. Ina inangolembedwa kuti, "Kwa amake Tisa, pafupi ndi dibi." Ndinawauza mudzi wake, ndipo anati ndiyambe Lolemba.

Positi yathu inali chipinda chimodzi chokhala ndi zenera lolandirirapo anthu. Lole ya makalata inkabwera Lachinayi lililonse kuchokera ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Thumba linkabwera lomangidwa pakamwa ndi chingwe chotsekedwa ndi kamtovu. Usanadule chingwecho unkayenera kuyang'ana ngati kamtovuko sikanakhudzidwe. Ukakhuthula makalata unkatembenuza thumba lonse, chifukwa kalata yaing'ono imakonda kubisala pamsoko. M'mawa uliwonse ndinkasintha tsiku pa chidindo, n'kudinda kaye m'buku kuti a Sakala aone kuti ndalondola. Kenako kugawa makalata m'timabokosi ta pakhoma: a kumaofesi, a kusukulu, a kuchipatala, a kwa Mlolo, a ku Zemba. Kalata ya rejisitala inkadziwika ndi mizere iwiri yabuluu yopingasana. Imeneyo unkailemba m'buku lakelake, ndipo sunkaipereka kwa mkazi, mwana kapena mnansi, koma kwa mwini wake yekha, asaine kapena adinde chala. Masana ndinkakwera njinga kukasiya makalata a pafupi.

Kunja kwa ntchito, moyo wanga unali mpira. Ndinali goloboyi wa timu ya pa boma, ndipo amene ankatiphunzitsa anali a Mbewe, mphunzitsi wa ukalipentala kusukulu. Mpira anauphunzira ali msilikali nthawi ya nkhondo. Asanabwere iwo tinkangothamangira mpira tonse pamodzi ngati nkhuku zolimbirana chiwala. A Mbewe anapatsa aliyense malo ake, n'kutiphunzitsa kupatsirana. Mpira unali umodzi wokha, wachikopa, womanga ndi chingwe. Ukang'ambika ankausoka okha, chubu ankamata okha, kupopa kwake n'kwa pampu ya njinga yanga, ndipo mizere ya pabwalo ankaithira ndi phulusa. Anali munthu wosalankhulalankhula. Chaka chimenecho tinagonjetsa timu ina ya ku Fort Jameson imene inabwera itavala nsapato, ife tili opanda. Anyamata obwerera ku migodi tchuthi chitatha anapita nayo mbiri imeneyo.

Lachinayi lina ndikugawa makalata ndinapeza envulopu yaitali yolembedwa ndi taipi, dzina la a Mbewe. Pakona panali dzina la mgodi wina waukulu, ndipo pansi pake mawu osonyeza kuti yachokera ku ofesi yoona zamasewera. Ndinakaipereka tsiku lomwelo monga mwa ntchito. Koma madzulo ake, tikupopa mpira ndi mlamu wanga Fikisoni, mlongo wa mkazi wanga, amene ankasewera kutsogolo, ndinangoti a Mbewe alandira kalata kuchokera kwa anthu a mpira a ku migodi. Sindinanene zambiri, chifukwa zambiri sindinkazidziwa. Ndinkangofuna kuoneka ngati munthu wodziwa zinthu.

Pofika Lamlungu, potuluka m'tchalitchi, nkhaniyo inali itamera miyendo. Ena ankati a Mbewe alonjezedwa nyumba ya magetsi. Pa sitolo ankati avomera kale, akungodikira kuti sukulu itseke. Kwa Mlolo inafika itakula, akuti atenganso anyamata awiri kuti akasewere kumeneko. Panali ena otsutsa, onena kuti timu za ku migodi zili ndi aphunzitsi achizungu ndipo sizingafune kalipentala wa kuthengo kuno. Anthu ankakangana zimenezi pamthunzi, pachigayo, ngakhale pamaliro. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapita kukawafunsa eni ake. Inenso sindinapite.

Pabwalo zinthu zinasintha. Anyamata ena anasiya kubwera, amvekere kuvutikiranji ndi munthu amene mtima wake uli kale pa ulendo. Amene ankabwera anasiya kupatsirana mpira, aliyense akufuna kudzionetsa kuti mwina ndi iyeyo adzatengedwe. A Mbewe ankaimba wezulo, kufotokoza, kuyambiranso, osadziwa chimene chalowa m'mitu ya anthu, kapena mwina akudziwa koma osanena. Mkazi wanga anandiuza kuti kuchitsime amayi ena anafunsa a Nabanda, akazi a a Mbewe, ngati adzawasiyire mtondo, popeza madona a ku migodi sasinja. A Nabanda anabwerera kunyumba osatunga madzi. Zimenezi zinatenga mwezi ndi theka. Ine ndinkadziwa kumene moto unayambira, koma ndinakhala chete.

Tsiku lovuta linali Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti timu ya ku Fort Jameson ija ibwerenso kudzabwezera. A Sakala anali atapita kukaonetsa maso kuchipatala cha mishoni, ndipo aka kanali koyamba kutsegula thumba ndili ndekha. Kamtovu kanali bwino. Ndinakhuthula, ndinatembenuza thumba. Pamwamba pa mulu panali envulopu yaitali ngati yoyamba ija, koma iyi inali ndi mizere yabuluu, ndipo inali yolemererapo. Pazenera panali podzaza anthu monga mwa masiku a lole, ndipo Fikisoni anali kutsogolo kwenikweni. Anaiona ndisanaibise.

Ndinailemba m'buku la rejisitala, ndi tsiku lake, n'kuitsekera m'dirowa. Anthu atachepa, Fikisoni anabwera kukhomo lakuseri ndi anyamata ena awiri a m'timu. Poyamba anapempha kuti tiifukize pa nthunzi ya ketulo, tione zimene zilimo, kenako timatenso. Ndinakana. Ndiye anasintha pempho.

"Chabwino, mlamu, musatsegule. Ingoisungani mpaka Lolemba. Akaiwerenga lero, Loweruka adzakhala nafe ndi thupi lokha. Masiku anayi okha, ndani angadziwe?"

Ndinamuuza kuti buku likudziwa kale. Anati buku silankhula, ndipo a Sakala ndi maso awo aja sangaone kusiyana kwa tsiku. Mmodzi wa anyamata aja anandikumbutsa kuti nanenso ndine wa m'timu, kuti zigoli zikadzalowa zidzalowa pa ine. Fikisoni anamaliza ndi kunena kuti ngati ndingakanize mlamu wanga kanthu kakang'ono chotere, akauza mlongo wake mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye.

Sindinganame kuti ndinaima nji. Ndinawauza kuti ndiganiza, ndipo anapita akukhulupirira kuti ndavomera. Ndinatenga makalata ena onse, iyo ndinaiika pansi penipeni pa chikwama. Ndinasiya a kumaofesi, a kuchipatala, a kwa abusa. Njira yolowera kumene a Mbewe ankaphunzitsira ndinaidutsa kawiri osakhota. Sikuti ndinkaopa Fikisoni kwambiri ayi. Nanenso sindinkafuna kuti a Mbewe apite, ndipo mtima wina unkandiuza kuti kalata ikachedwa mwina ulendowo uphonyeka. Chikwama chitatsala ndi kalata imodzi yokhayo, ndinaima pansi pa mtengo wa mango, njinga ili pakati pa miyendo, nthawi yaitali ndithu. Cha m'ma folo ndinakhota.

Ndinawapeza okha, ana ataweruka, akupala thabwa la benchi. Anapukuta manja, anasaina m'buku, n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anang'amba envulopuyo ndi mpeni ndipo anawerenga pang'onopang'ono. Munali kalata ndi chikalata chokwerera basi mpaka ku Lusaka, ndi sitima kuchokera kumeneko. Atamaliza anandiuza, osandiyang'ana, kuti akuwafuna ayambe mwezi wamawa, akaphunzitse timu ya achinyamata ya pamgodi ndi kugwiranso ukalipentala.

Ndinadabwa, chifukwa chikalata cha ulendo sichibwera munthu asanavomere, ndipo palibe kalata ya a Mbewe imene inadutsa pa chidindo changa. Anaona kudabwa kwangako.

"Yankho ndinapatsira dalaivala wa lole kuti akaponye ku Fort Jameson," anatero. "Ndinaona kuti positi ya kuno ili ndi pakamwa."

Ndinawauza kuti ndine, kuti sindinatsegule kalata yawo koma ndinanena kumene inachokera. Anati ankadziwa kuti sindinatsegule, chifukwa ndikanatsegula anthu akananena zoona. Kalata yoyamba ija inkangowafunsa ngati angakonde kubwera. Anaisunga milungu itatu osayankha. Amayi awo anali okalamba kwa Mlolo, ndipo iwo ankafuna kuona timu yathu itakhwima. Anali atayamba kale kulemba zokana.

"Sindikunamize, mphwanga, mwina ndikanapitabe. Ana akukula, sukulu zabwino zili uko. Koma ndikanakonda kuti ndiganize ndekha. Pamene amake ana anabwera kuchokera kuchitsime akulira, ndi pamene ndinaona kuti anthu anditsanzika kale ndisananyamuke."

Sanakalipe. Anatenga buku m'manja mwanga, n'kuyang'ana tsiku limene ndinalemba, n'kufunsa ngati panali amene anandipempha kuti ndiichedwetse. Ndinati eya, koma sindinatchule maina, ndipo iwo sanafunse. Anangoti ndachita bwino kubweretsa, n'kundiuza kuti Loweruka ndisamatuluke msanga pagolo, chifukwa wa kumanzere wa timu ija amakonda kuponya mpira pamwamba.

Loweruka, mpira usanayambe, anatisonkhanitsa pakati pa bwalo n'kutiuza okha kuti akupita, ndi tsiku lake. Anati satenga munthu aliyense, ndipo amene akufuna kuwatsanzika bwino apatsire mnzake mpira. Anyamata anazyolika. Fikisoni analira, iye amene ankalankhula kwambiri. Tinasewera bwino kuposa masiku onse a mwezi umenewo, koma milungu imene tinataya ija inaoneka m'miyendo. Tinagonja ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Chachiwiricho chinadutsa pamwamba panga, nditatuluka msanga.

A Sakala atabwerako ndinawauza zonse, kuyambira pa pampu ya njinga mpaka pa mtengo wa mango. Ndinkayembekeza kuti andibweza ku Zemba. Koma iwo anati cholakwa china n'chawo, chifukwa anandiphunzitsa kuti kalata satsegula koma anaiwala kundiuza kuti kunja kwa envulopu nakonso n'kwa mwini wake. Kumene yachokera, amene walemba, kulemera kwake, kuchuluka kwa masiku amene yakhala osabwera, zonsezo si zako. Sanandichotse. Patapita milungu itatu a Mbewe anakwera lole ya Lachinayi ndi banja lawo, mabokosi a zipangizo, ndi mtondo wa a Nabanda. Mpira, singano ndi wezulo anasiyira Fikisoni.

Ndinagwira ntchito ya positi zaka zambiri pambuyo pake, ku Chadiza ndi kwina, ndipo anthu ankanditcha wouma pakamwa. Mayi akandifunsa ngati mnzake walandira kalata kuchokera kwa mwamuna wake, ndinkamuuza kuti akafunse mnzakeyo. Ena ankakwiya. Ndinaona kuti kukwiya kotero kumatha msanga, pamene mawu amodzi otuluka pazenera la positi amatha kusamutsa banja lonse. Za aphunzitsi a mpira, mpaka lero ndikamva pa wailesi anthu akukangana ngati wakutiwakuti apita ku timu yaikulu kapena ayi, ndimaganiza za mkazi wake, kuti kaya akumva zotani kumene amatunga madzi.

Mvula itayamba chaka chimenecho, inabwera kalata yolembedwa ndi dzanja limene ndinalizindikira nthawi yomweyo. Inali yopita kwa Fikisoni. Ndinakaipereka kwake osanena kanthu, ngakhale kwa mkazi wanga. Madzulo ake anaiwerenga pabwalo, timu yonse itakhala pansi, ndipo ine ndinamva zimene zinalimo pamodzi ndi anzanga. A Mbewe anafika bwino. Nyumba inalibe magetsi. Ankafunsa ngati goloboyi waphunzira kudikira pamzere.