Tsiku limene tsekwe anandimenyera nkhondo

Ntchito yanga yoyamba yokhazikika kuno ku Cape Town inali ya mu paki ina kufupi ndi Kraaifontein, kutchetcha udzu ndi kutola zinyalala m'mbali mwa damu. Kapitawo anali atandichenjeza kale, nditatukwanizana ndi munthu wina chifukwa cha zonyansa za galu wake. Anati ndikadzakanganaso ndi mlendo wa mu paki, ndidzavule ovolosi yawo ndizipita. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, ntchito ina ndikanaipeza kuti?

Ndinkagwira ntchito ndi abambo ena achikulire a ku Mangochi, amene ndinkangowatchula kuti ankolo. Chimene chinkawapweteka ankolo chinali asodzi a Loweruka. Munthu abwere ndi galimoto, mpando, ndodo zitatu zonyezimira, akhale mmawa wonse. Akagwira nsomba aipsompsone, ajambulitse, kenaka aibwezere m'madzi.

"Ndiwo imeneyo akuitsanzika ngati mkazi wake," ankatero ankolo. "Mulungu awakhululukire."

Chikondi chonsecho chinkathera pa chithunzi. Chingwe cha mbedza chikakodwa m'bango, ankangodula n'kuchisiya pomwepo. Pa mitengo anali atamangirirapo mapaipi oyera oti aziponyamo zingwe zotha ntchito, koma ndikamatsegula ndinkapezamo zotsalira za fodya ndi timapepala ta maswiti. Zingwe zili m'madzi, kudikira miyendo ya mbalame.

Loweruka lina tinapeza tsekwe akuphiriphitha m'matope. Chingwe chinali chitamuzenga miyendo yonse iwiri mpaka kulowa m'mnofu, mbedza ili pa phiko. Ankolo anamuphimba ndi jekete, ine n'kumufungatira, iwo n'kutulutsa kampeni.

Tangoganizani mmene zinkaonekera: Amalawi awiri, mbalame yonenepa, ndi mpeni.

Mkulu wina wa chipewa cha nsalu, yemwe ndinamuona ndi maso angawa akudula chingwe chake pamalo omwewo mmawa umenewo, anabwera akuthamanga, mimba patsogolo.

"Akuba inu! Mukufuna mukadye? Futseki! Anthu inu mumadya chilichonse!"

Mutu wanga unatentha. Dzanja lamanja linayamba kuyabwa lokha. Koma ndikanamusiya tsekwe, akanathawira pakati pa damu ndi mbedza yake, n'kukafera komweko.

"Gwira mbalame, mphwanga," anatero ankolo osadzutsa n'komwe mutu. "Munthuyo musiye, alibe mbedza."

"Ankolo, akutitukwanatu."

"Ndamva. Makutu ndili nawo. Kweza phikoli."

Mkulu uja anapitiriza kulalata, malovu akundigwera pa khosi. Anthu anayamba kusonkhana, mafoni m'mwamba, kapitawo naye uyo akubwera. Pamenepo n'kuti ankolo atachotsa mbedza, akusomola chingwe pang'onopang'ono, aliyense akuona magazi pa miyendo ya mbalame. Mayi wina anayamba kuwomba m'manja.

Mkuluyo ataona kuti mafoni aloza kwa opulumutsa, nkhope inasintha pomwepo. Anati iyeyo ndi wokonda zachilengedwe kuyambira ali mwana, timupatse mbalameyo aibwezere yekha m'madzi. Ndinayang'ana kapitawo. Kapitawo anagwedeza mutu kuti ndimupatse.

Ndinamupatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse umene mayi anga anandiphunzitsa.

Mkuluyo anamunyamula tsekweyo monga amanyamulira nsomba zake, natembenukira ku mafoni, nasongola milomo kuti apsompsone. Tsekwe si nsomba. Anamukhadzula mlomo wam'munsi n'kuupotokola, phiko likumuwomba pa khutu, chipewa n'kugwera m'matope. Kenaka tsekweyo anadumphira m'madzi akukuwa ngati akuitana abale ake adzaone.

Ankolo anakhala pansi ndi kuseka. Ine ndinakulunga chingwe chija bwinobwino, ndinadutsa pamaso pa mkuluyo akugwira pakamwa, n'kuchiponya mu paipi imene inali pafupi naye kwambiri moti akanatha kuigwira osasuntha phazi.

Kapitawo anandiyang'ana nthawi yaitali, akufunafuna mlandu.

"Lero sunamenye munthu," anatero pomaliza.

"Ayi bwana. Ndinali ndi katundu m'manja."

Ovolosi ija ndinaivalabe Lolemba. Tsekwe uja ankatsimphina pang'ono, koma tsiku lililonse ndinkamusiyira nyenyeswa za buledi wanga, ngakhale malamulo a paki amaletsa.