Sekuru ndi Batani la ku Gweru

Aneba athu ku Mvuma, agogo amene anakalambira kumgodi, omwe tonse timawatchula kuti Sekuru, sadziwa kugonja. Amakonda kunena kuti, "Ine ndinkaona golide mumdima, muzukuru."

Atayamba kuwombana ndi zitseko, mwana wawo Enelesi anawatengera ku Gweru kukayezetsa maso. Adokotala anawauza kuti ayang'ane kutsogolo, azidina batani akaona kadontho kowala m'mbali. Sekuru anadina mosalekeza, makina asanayatsidwe n'komwe. Adokotala anaseka, n'kunena kuti izi n'zofunika kukauza bungwe la akatswiri oyeza maso padziko lonse.

Chiyambire tsikulo, mankhwala odontheza m'maso amene adokotala anawapatsa, Sekuru amawakana. "Ndidontheze chiyani? Maso angawa atchuka mpaka kunja!"

Amatiuza izi ali pakhonde, mbuzi ili pambali pawo penipeni, ikumaliza chimanga cha m'mbale yawo.