Etta Aperekeza Mmisiri ku Zisa

Etta Chimbalanga anafika ku London mu 2001 kutsatira mwamuna wake Shadrick, amene ankayendetsa basi. Anapeza fulati chakufupi ndi Thamesmead, m'nyumba zosanja za simenti zimene Amalawi okhalamo ankazitcha kuti ku Zisa. Pakati pa nyumbazo panalibe msewu. Zinalumikizana ndi makonde ataliatali a m'mwamba, onse ofanana, moti mlendo ankazungulira mpaka kufuna kulira.

Shadrick anali ndi mphumu, ndipo chinyezi cha m'makomawo chinkaiputa. Masana ena mu 2004 anabanika ali pampando. Etta anaimba foni, ambulansi n'kubwera msanga ndithu, mwakuti anaiona pawindo itaima pansi. Koma anthu a ambulansiwo anasochera m'makonde muja. Ankawamva akuthamanga, akugogoda zitseko za eni. Pamene ankafika pakhomo pake, Shadrick anali atatsirizika.

Polowera ku Zisa panali kachitsulo kolembedwa dzina la mmisiri amene anajambula pulani ya nyumbazo: Oswald Kranich, wa ku Germany. Chimwalirire Shadrick, Etta sankadutsa pamenepo osalavula.

Ntchito yake inali yosamalira okalamba. Mu 2007 ejensi imene inkamupezera ntchito inamutumiza ku Blackheath, kwa nkhalamba ina yoyenda pa chikuku. Nyumba yake inali yakale, yanjerwa, yamaluwa kumaso, khomo loyang'ana msewu. Pabalaza panali chithunzi chachikulu cha Zisa zidakali zatsopano, zoyera mbee.

"Ndinajambula ndine zimenezo," inatero nkhalambayo itaona Etta akuyang'anitsitsa. "Dzina langa Kranich."

Etta analizindikira dzinalo, koma anangoti, "N'zokongola, bambo."

Bambo Kranich ankakonda kufotokoza mbiri yawo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mzinda wawo wa Hamburg unali phulusa lokhalokha, ndipo iwo ali mnyamata ankagona m'chipinda chapansi pa nyumba yogumuka. Kumeneko n'kumene analumbira kuti adzakweza anthu m'mwamba, kuli dzuwa ndi mpweya wabwino, kutali ndi magalimoto. Anamanga kwawo, kenaka anaitanidwa ku London.

"Munagonamo ngakhale kamodzi m'nyumba zimenezi?" anafunsa Etta akuwameta ndevu.

"Ayi. Chitsegulire sindinapondekonso."

Etta anawasamalira bwino kwa miyezi ingapo, mpaka Peggy, mwana wawo wamkazi, anayamba kumukhulupirira. Ndipamene Etta ananena kuti angathe kupita nawo kukaona ntchito ya manja awo. Nkhalamba inasangalala, inavala ndi tayi yomwe.

Linali tsiku lamphepo mu Novembala. Takisi inawatsitsa patali, poti pafupi panalibe poima. Analowa mu lifiti yonunkha mkodzo, Bambo Kranich n'kutseka mphuno ndi mpango. Atafika m'mwamba, Etta anakankha chikuku kukhota uku, kukhota uko, kudutsa makoma akuda ndi chuku, mpaka pakati penipeni pa Zisa. Apo anaima.

"Mwamuna wanga anafera pakhomo ilo," anatero akuloza. "Othandiza anafika, koma anasochera m'makonde anuwa, iye akutha mpweya m'manja mwanga. Poti munajambula ndinu, njira mukuidziwa. Tulukani nokha."

"Etta, chonde, ine cholinga changa chinali chabwino."

"Ndamva. Yendani bwino, bambo."

Etta sanapite kutali. Anakaima kuseri kwa chipilala n'kumaonerera. Bambo Kranich anapalasa chikuku kupita kumanja, anakumana ndi khoma. Anabwerera, analowa khonde lina, koma linawabwezera pamene anachokera. Tayi inkawamenya kumaso ndi mphepo. Potsiriza anatulutsa foni n'kuimbira Peggy.

Peggy anabwera pagalimoto liwiro, koma naye anasochera. Mawu ake ankamveka m'munsi, kenaka kutsogolo, kenakanso kutali, akuitana bambo ake. Nkhalamba inkayankha ndi mawu osasa, koma simenti inkamwaza mawuwo mbali zonse. Etta anaona misozi ikutsika m'masaya mwawo, ndipo sanasunthe. Anatulukira pokhapokha mvula itayamba kudontha, n'kuitana Peggy kuti akwere masitepe a kumanzere.

Ntchito inatha tsiku lomwelo. Peggy ankafuna kukanena kupolisi, koma bambo ake anakaniza, ndipo chifukwa chake sanauze munthu. Ejensi inamuchotsa Etta, ndipo maejensi ena onse osamalira okalamba anamukana. Anasamukira ku Barking, kumene anayamba kuluka tsitsi mu saluni ya mayi wina wa ku Zambia.

Amayi a kutchalitchi anamuyendera kukamuuza za kukhululuka. Etta anawaphikira tiyi, anawamvetsera mpaka kumaliza.

"Amayi, mwalankhula bwino," anatero akutolera makapu. "Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mvula ija inafulumira."